Nyale ya Hersende pa Khomo la Mwala

Mphesa zinali zitatha kuthyoledwa ku Varzac, mudzi wonse ukununkhira vinyo watsopano, koma nkhani imene inali pakamwa pa aliyense inali ya khomo la tchalitchi. Masiku amenewo midzi ya m'mbali mwa msewu wopita ku mzinda wa Saintes inali pa mpikisano wogwetsa matchalitchi amatabwa n'kumanga amiyala, ndipo athu a ku Varzac anali atalumbira kuti lawo lidzakhala loti mlendo azitsika pa kavalo kuti alione bwino. Khomolo linali lotchingidwa ndi zikopa kuyambira nthawi ya chisanu. Wansembe wathu, abambo Ysembart, anali atalamula kuti pasapezeke wosuzumira mpaka pa chikondwerero cha Mikayeli Woyera, Lamulungu likubweralo.

Hersende, mwana wamkazi wa a Gaucelm a pachigayo, anali kuchapa kumtsinje pamodzi ndi amayi ena pamene Mahaut anatulukira, mphika wopanda kanthu uli pachiuno. Mahaut ndiye ankaperekera chakudya kwa amisiri omanga tchalitchi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti nyama yonona inkagwera m'mbale ya Aimery, mnyamata wosema miyala, ngakhale mwini wakeyo maso ake anali kwina.

"Ukuchapa diresi ya Lamulungu?" anafunsa Mahaut. "Chapa ndithu mnzanga, iwale. Maso onse adzakhala pa iwe."

"Pa ine bwanji? Ndine khomo ine?"

"Aaa, kodi Aimery sanakuuze?" Mahaut anatula mphika, n'kuyang'ana amayi aja mmodzimmodzi kuti aone ngati onse akumvetsera. "Dzulo mphepo inakweza chikopa ine ndikudutsa. Wasema anamwali khumi a m'Buku Loyera aja. Asanu ochenjera nyale zili chilili, asanu opusa nyale zitazondoka. Ulipo, Hersende. Ngakhale kachipsera ka pansidze pakoko sanakaiwale."

"Ali mbali iti?" anafunsa mayi wina, manja ali m'madzi.

Mahaut anatenga mphika wake uja n'kuuzondotsa pang'onopang'ono.

Panamveka kaphokoso ka anthu obisa kuseka. Hersende anapitiriza kufinya diresi. Akanatha kunena kuti ndi bodza, chikhala kuti panalibe chifukwa. Koma chifukwa chinalipo. Tirigu asanache, Aimery anabwera kwawo ndi mkulu wa amisiri kudzafunsira mbeta. A Gaucelm anamuyankha kuti sapereka mwana wawo kwa munthu amene nyumba yake ndi thumba la matchizulo osemera miyala, lero pano, mawa kumene kwamveka tchalitchi china. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa ngati ali ndi mawu. Hersende anayang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo Aimery sanamupatsenso moni.

Mawu oipa amaiwalika, Hersende anaganiza choncho akunyamula dengu. Koma mwala! Zidzukulu za zidzukulu zidzalowa pakhomo limenelo, zikulozerana mwana wa pachigayo amene anatsekeredwa kunja kwa ukwati wa Ambuye.

* * *

Sanapite kunyumba. Anasiya dengu pa mpanda wa manda n'kulunjika ku chisakasa cha amisiri kuseri kwa tchalitchi. Amisiri ena atamuona anatsinana, n'kutuluka mmodzimmodzi, womaliza akuimba mluzu. Anatsala Aimery yekha, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi la mwala, akusalaza mutu wa kamkango.

"Mwaswera bwanji, a mwana wa pachigayo?" anatero osakweza maso.

"Usandiyankhule ngati mlendo. Ndabwera ndi funso limodzi. Nkhope yanga ili pakhomo paja?"

"Ilipo."

"Mbali iti?"

Apa mpamene Aimery anaika nyundo pansi. "Wakutuma ndani funso limeneli?"

"Mahaut wanena kumtsinje, pamaso pa amayi onse. Ndionetse ndione ndekha."

"Ndinalumbira pamaso pa abambo Ysembart kuti chikopa chija sindikweza."

"Koma Mahaut waona."

"Mahaut amabweretsa nyemba ndi buledi. Maso ake sindiwayendetsa ine."

"Ndiye kuti ndi zoona."

Aimery anaimirira. Anali wamtali, ndipo akakwiya mawu ake ankatsika m'malo mokwera. "Masana onse aja tinkakhala kuseri kwa chigayo, iwe unkacheza ndi munthu wotani? Woti angatenge nkhope ya mkazi n'kuipachika pa nyumba ya Mulungu kuti anthu aziiseka?"

"Ndinkacheza ndi munthu amene chilimwe chonse wakhala akundidutsa pamsewu ngati chitsa."

"Ndipo ine ndinaima m'nyumba ya bambo ako chipewa chili m'manja, akunditcha woyendayenda, iwe uli phee kuwerenga nyerere pansi."

"Unkafuna nditani? Ndiwatsutse bambo anga pamaso pa alendo?"

"Mawu amodzi okha, Hersende. Ukanangoti, 'Ndimamufuna.' Zina zonsezo ndikanasenza ndekha."

Hersende anamva misozi ikubwera, koma anaikaniza. Sakanalira pamaso pa munthu amene mwina anali atamuchititsa kale manyazi a muyaya. "Ungondiuza kuti Mahaut wanama. Basi. Ndichoka."

"Ayi. Ngati pakufunika kuti ndichite kukuuza, ndiye kuti sunandidziwe. Lamulungu ubwere udzaone ndi maso ako. Ukachita mantha khala kunyumba, Mahaut adzakufotokozera."

Anatolanso nyundo. Hersende anatuluka khosi lili nganganga, phokoso la tchizulo likumutsata mpaka kumpanda.

* * *

Kunyumba anapeza nkhani itafika kale. Bambo ake anali pa benchi, nkhope ili psuu, ndipo pambali pawo panali Odon, mlongo wake wa Mahaut, mwini minda yamphesa ya kuphiri. Odon ndiye mkamwini amene a Gaucelm ankamufuna. Sankabwera chimanjamanja, ndipo tsikuli anali atabweretsa mtsuko wa vinyo ndi tchizi.

"Tamva," anatero a Gaucelm. "Aliyense wobwera ndi thumba la tirigu lero wabweranso ndi dzina lako. Ndinakuuza za anthu amenewa."

"Bambo, mungondiloleza," anatero Odon akugunda pachifuwa. "Nyundo ndili nayo. Ndikangomenya kamodzi, nkhope ija ikhala ufa wosafunika chigayo."

"Muphwanye khomo la mudzi wonse?" Hersende anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Anthu anakoka miyala ija ndi mapewa awo ng'ombe zitatopa. Bambo anga chala chinathyokera pomwepo. Inu a Odon munali kuti?"

"Ndinapereka ngolo."

"Ngolo inapitadi. Eni ake sitinawaone."

A Gaucelm anayang'ana chala chawo chokhota chija, chimene ankaonetsa mlendo aliyense wobwera pachigayo, n'kutsokomola. "Khomo lisakhudzidwe. Koma iwe Lamulungu sutuluka m'nyumba muno."

"Ndipita, bambo. Ndikaima kutsogolo kwenikweni."

"Wati chiyani?"

"Tsiku lija munandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinakhala chete chifukwa cha ulemu. Chete ameneyo wandipweteka. Ngati andisema ngati chitsiru, ndikaone ndekha, anthu aonenso kuti wamoyoyu sathawa."

A Gaucelm anali asanamvepo mwana wawo akuyankhula chotero, ndipo sanadziwe kuti akwiye kapena anyadire.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Pita. Koma zikakhala zoona, Khirisimasi ikupeza uli kwa Odon, ndipo sindidzamvanso liwu lako."

"Nanga zikakhala zabodza?"

"Tidzaona."

"Ayi bambo, nenani pompano, a Odon akhale mboni."

A Gaucelm anakanda ndevu zawo zaufa. "Zikakhala zabodza, ndidzamupatsa mpando. Ndidzamumvera zonena zake. Sindinalonjeze china."

Odon anathira vinyo m'chikho chake akumwetulira. Ankakhulupirira mlongo wake.

* * *

Lamulungu kunacha bwino, kumwamba kopanda kamtambo. Bwalo la tchalitchi linadzaza mpaka ena kukwera pa mpanda wa manda. Anthu a ku Brenac, mudzi woyandikana nawo, anabwera chigulu, atakonzeka kale kupeza polakwika. Bwana Foucaud, mwini linga la kuphiri, amenenso anali mwini mgodi wa miyala, nkhalango ndi chigayo chomwe, anaima pambali ali pa kavalo wawo wakuda, atavala zakuda chifukwa cha mkazi wawo amene anamwalira chaka chatha.

Hersende anadutsa pakati pa anthu diresi ili waliwali, akumva manong'onong'o kumbuyo kwake, n'kukaima kutsogolo monga ananenera. Aimery anali pansanja ya amisiri atagwira chingwe. Sanayang'anane.

Abambo Ysembart anawaza madzi odalitsa, belu linalira, zingwe zinamasulidwa, zikopa zonse n'kugwera pansi nthawi imodzi.

Pamwamba pa chitseko panali mauta atatu a mwala woyera, opindika ngati utawaleza, wina pamwamba pa unzake, opakidwa utoto wofiira, wachikasu ndi wamtambo. Uta wam'katiwo unali mpesa wopotanapotana, mbalame zikujompha zipatso, masamba ake opyapyala moti ukanati mphepo iwagwedeza. Wachiwiri unali wa akazi ovala zankhondo, zishango m'manja, akupondereza ziwanda zotulutsa malilime. Pamitu ya mizati panali mikango iwiri yogawana mutu umodzi, ndi munthu wina chilombo chikumukoka ndevu. M'munsi mwa denga munali timitu tambirimbiri: nkhumba, mbiya ya vinyo, bulu woimba zeze, nkhalamba yogwira tsaya chifukwa cha dzino.

Mkulu wina wa ku Brenac anavula chipewa. "Anthuni," anatero mokweza, "ife lathu lija ndi khola la mbuzi."

Pamenepo Varzac yense anaphulika. Amuna anakumbatirana, amayi analira, ena ankaloza mwala uwu ndi uwo akuti, "Umenewo ndinakoka nawo ine!" Mudzi wa alimi a mphesa, wosatchulidwa n'komwe ku Saintes, unali ndi khomo loti episkopi alichitire nsanje.

Hersende sanamve zonsezo. Maso ake anali pa uta wachitatu, waukuluwo. Anayamba mbali ya opusa. Nyale zinalidi zozondoka. Koma woyamba anali atabisa nkhope m'manja. Wachiwiri tsitsi linali litamuphimba. Ena anali atatembenukira ku chitseko chotseka, akugogoda. Panalibe nkhope ya munthu aliyense.

Anatembenuzira maso mbali inayo. Pamwamba penipeni, pafupi ndi Mkwati, panaima namwali atakweza nyale ndi manja onse awiri, chibwano chili m'mwamba, kachipsera pansidze, pakamwa potsegula pang'ono ngati wofuna kuyankhula.

"Ndi Hersende!" anafuula mayi wina wa kumtsinje kuja. "Taonani, ndi mwana wa a Gaucelm! Ali pafupi ndi Ambuye!"

"Iwe Mahaut," anatero wina, "tsiku lija unasuzumira utaima ndi mutu?"

Kuseka kunayenda bwalo lonse. Mahaut anakoka mpango wake n'kulowerera m'chigulu. Odon anali atasowa kale pamene anaima.

Kenaka kunamveka mawu a a Gaucelm kumbali kwa tchalitchi, akubangula ngati ng'ombe. "Bwerani muone! Ameneyu ndine!" Pakati pa timitu ta m'munsi mwa denga panali kamunthu ka mimba yaikulu katasenza thumba la ufa, dzanja limodzi katakweza, chala chokhota chili poyera. A Gaucelm anaima pansi pake atakwezanso chala chawo, misozi ikutsikira m'ndevu, akukoka aliyense wodutsa kuti afananitse.

* * *

Misa itatha, matebulo anayalidwa pabwalo, nkhumba zowotcha ndi vinyo watsopano zikuyenda. Hersende anapeza Aimery yekha pafupi ndi chitsime akusamba m'manja.

"Namwali uja unamusema liti?" anafunsa.

"Sabata yomwe bambo ako anandithamangitsa."

"Uli wokwiya choncho?"

"Wokwiya kwambiri. Ndinathyola matchizulo awiri. Ndinayesa kumupatsa nkhope ina, koma dzanja linkangobwerera kwa iwe."

"Nanga opusawo unawabisiranji nkhope?"

"Manyazi a munthu sindisema pamwala. Munthu amalapa, mwala sulapa."

Hersende anayang'ana pansi, kenaka anakumbukira kuti kuyang'ana pansi n'kumene kunayambitsa zonse, n'kukweza mutu. "Ndinakukayikira. Undikhululukire."

"Nanenso ndikanatha kukuuza tsiku lija m'chisakasa. Ndinauma mutu."

"Unaumadi. Mutu wako ndi mwala wa kumgodi, palibe kusiyana." Anaseka onse awiri, kuseka kwa anthu amene atula katundu. "Koma pakamwa paja unapatseguliranji? Ndikuoneka ngati ndikuitana nkhuku."

"Ndinati ngati wamoyoyu sanena mawu aja, mwina wamwalayu adzanena tsiku lina."

Hersende anamugwira dzanja, dzanja lokakala lodzaza zipsera, n'kumukokera pakati pa matebulo mpaka pamene panakhala bambo ake. Anthu anasiya kutafuna.

"Bambo, munandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndili nawo. Munthu uyu ndimamufuna."

A Gaucelm anayang'ana mwana wawo, anayang'ana khomo, anayang'ananso anthu a ku Brenac amene ankamvetsera makutu ali tcheru. Kenaka anasuntha pa benchi. "Khalani pansi, amisiri. Ndinalonjeza mpando." Aimery atakhala, anamuthirira vinyo ndi dzanja lawo. "Mimba ija mwaikulitsa."

"Ndinachepetsako, bambo. Mwala unali waung'ono."

Tebulo lonse linagwa ndi phwete, a Gaucelm kuposa onse. Atapukuta m'maso anati, "Funso langa likadali lomwe lija. Mawa kukamveka tchalitchi china kutsidya kwa mtsinje, mwana wangayu azidzagona m'thumba la matchizulo?"

"Nsanja ya belu sinamangidwe, bambo. Kuguwa kukadali matabwa. Abambo Ysembart andipempha nditsale mpaka zonse zitatha, ndipo ndi ntchito yoti ndidzameramo imvi. Ndikufuna ndimange nyumba pano. Yamwala."

"Yamwala!" a Gaucelm anabwereza, akuyang'ana uku ndi uku kuti onse amve. "Mwamva a ku Brenac? Mwana wanga adzagona m'nyumba yamwala ngati mkazi wa ku linga." Anakweza chikho. "Bwerani mawa ndi mkulu wanu uja. Ulendo uno chitseko mudzachipeza chotsegula."

Hersende anamva ngati mapazi ake sakugunda pansi. Pansi pa tebulo Aimery anamufinya zala.

Zikho zisanafike pakamwa, anthu anayamba kupatuka. Kapitawo wa ku linga, bambo wowonda wa ndodo yamutu wasiliva, anali kubwera pakati pa matebulo, ndipo kumbuyo kwake kunali Odon, nkhope yake itabwereranso mwakale. A Gaucelm anaimirira msanga n'kuvula chipewa. Aliyense ku Varzac ankadziwa kuti chigayo n'cha bwana Foucaud, ndipo mwana wa pachigayo sakwatiwa popanda chilolezo cha ku linga. Chilolezocho chinali chisanakanizidwepo kwa munthu, moti palibe amene anali atachiganizira.

"A Gaucelm," anatero kapitawo, "bwana akondwera nalo khomo. Aima nthawi yaitali akuyang'ana namwali wapamwamba uja, ndipo afunsa ngati pali mkazi wamoyo wa nkhope imeneyo. A Odon awa ndi amene atithandiza dzina."

"Ndi mwana wanga, bwana," anayankha a Gaucelm, mawu atachepa. "Ndi ameneyu. Tangomaliza kumene kukambirana za ukwati wake ndi mmisiriyu."

Kapitawo anamuyang'ana Hersende modekha, monga amayang'anira kavalo pamsika, kenaka anagwedeza mutu. "Mwala sunaname. Mawa m'mawa abwere ku linga, avale diresi yomweyi. Makiyi a nyumba ija akhala opanda wowasunga chimwalirire akazi a bwana, ndipo bwana akufuna mwana wanuyu akawasunge." Anatembenukira kwa Aimery, amene anali ataimirira, nkhonya atakunga. "Inu amisiri, bwana akuti dzanja lanu ndi lodala, mulisamale. Koma za ukwatizo muyambe mwaima. Bwana sanavomere."